KODI TSOKA SILINUNKHA?

Galimoto ikagwa pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, uthenga suchedwa kufika pa Benga. Mpunga usanapse pamoto, anthu a pamsika amakhala atamva kale kumene yagwera, amene idanyamula, ndi chipatala chimene apita nawo ovulala. Pambuyo pake padza maliro, ndipo pasiwa pamveka mawu atatu ozolowereka. Ena ati: "Tsoka silinunkha." Ena ati: "Tsiku lake lidakwana, Mulungu watenga wake." Enanso anong'onezana kuseri kwa nyumba nati: "Imfa imeneyi njokayikitsa, alipo amene waikapo dzanja." Koma dalaivala, ngati wapulumuka, akafunsidwa ayankha mwachidule: "Mabuleki anakana."

Ambiri alandira yankho limeneli ngati kutha kwa mlandu, monga ngati mabuleki ali ndi mtima wawowawo, nadzuka tsiku lina m'mawa ndi kupangana zokana. Pamenepa pali funso loyenera kuti Mkhristu aliyense aliganizire bwino, ngakhale amene sadagwirepo chiwongolero chibadwire. Kodi munthu amene adamva mabuleki a galimoto yake alikudandaula, iye nangoti "ndidzakonza mawa", ali wosalakwa pamaso pa Mulungu tsiku limene galimotoyo ipha munthu? Iye sadafune kupha. Sadadane naye wakufayo. Kapena adali mbale wake weniweni. Nanga tsono imfayo ili pamutu pa yani?

Msewu wa ku Benga

Benga ali pa msewu waukulu wa M5, umene udzera ku Salima, nupitirira kumpoto kudutsa pa Chia ndi pa boma la Nkhotakota, ku Dwangwa ndi ku Nkhata Bay, mpaka ku Mzuzu. Pa msewu umenewu payenda malole a katundu, mabasi, maminibasi, galimoto za matola ndi njinga zamoto za kabaza. Ndipo m'mphepete mwake muyenda ana a sukulu, amayi osenza chinangwa ndi mpunga, anyamata onyamula nsomba pa njinga, mbuzi ndi nkhuku.

Dziko la kunyanja ndi lachigwa, ndipo chigwa chili ndi chinyengo chake: chimabisa matenda a mabuleki. Galimoto ya mabuleki ofooka ingathe kuyenda miyezi yambiri pakati pa Benga ndi Salima osagunda kanthu, pakuti dalaivala angoyamba kuponda akadali patali, nazolowera, mpaka aiwala kuti kale galimotoyo sinkaima choncho. Koma nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Galimoto yochokera ku Lilongwe kudzera ku Salima itsika mamita oposa 500 isanafike kuchigwa, ndipo yochokera ku mapiri a Ntchisi itsika koposa pamenepo. Pa mtsetse wotere, galimoto italemedwa ndi matumba a feteleza kapena a simenti, pamwamba pa matumbawo patakhala anthu, kufooka kwa mabuleki sikubisikanso.

Ngakhale m'chigwa momwemo tsiku la mayeso limafika, mwana akatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa minibasi yoima. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola idutsa mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse galimoto uwirikiza kanayi.

M'mene mabuleki agwirira ntchito

Kuti funso lija liyankhidwe moona, kuyenera kudziwa pang'ono za chinthucho. Dalaivala akaponda buleki, phazi lake likankha mafuta apadera amene ali m'timapaipi topita ku mawilo onse anayi. Mafuta safinyika monga ufinyikira mpweya. Chifukwa chake mphamvu ya phazi ifika yonse ku mawilo, ndiponso ichulukitsidwa. Lamulo la chilengedwe limeneli adalifotokoza Blaise Pascal, Mkatolika wa ku France, amene adakhala moyo kuyambira 1623 mpaka 1662, galimoto kusanaoneke. Ku mawilo akutsogolo mafutawo akankha mapadi awiri kuti apane chitsulo chozungulira chonga mbale, chimene amati disiki. Kumbuyo, galimoto zambiri zili ndi dilamu, chitsulo chonga mphika, ndipo m'kati mwake muli zogwira ziwiri zopindika zimene zitambasuka ndi kukhuza mphikawo. Malole akuluakulu agwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa m'malo mwa mafuta.

Kukhuzana kumeneku ndiko kuimitsa galimoto, ndipo kubala zinthu ziwiri: kutentha ndi kuperepeseka. Kuponda kulikonse kudya pang'ono pa mapadi, monga mphero idya mwala wake. Mapadi atsopano a galimoto yaing'ono ali ndi mnofu wa mamilimita 10 kapena 12. Ukatsala wa mamilimita atatu, nthawi yosintha yakwana. Fumbi la chilimwe, mchenga wa kunyanja ndi matope a dzinja zifulumizitsa kuthako.

Mafuta a mabuleki nawonso akalamba, pakuti amamwa chinyezi cha mumpweya. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sawira mpaka atafika madigiri 205, ndipo a DOT 4 mpaka 230; koma atamwa madzi pang'ono, a DOT 3 angathe kuwira pa madigiri 140, a DOT 4 pa 155. Mafuta akawira pa mtsetse wautali, m'mapaipi mukhala nthunzi, ndipo nthunzi ifinyika: phazi lilowa mpaka pansi, galimoto osaima. Ndicho chifukwa chake opanga galimoto ambiri alangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale aoneke ngati abwino.

Zonsezi zionetsa chinthu chimodzi. Mabuleki kawirikawiri safa imfa yadzidzidzi. Adwala nthawi yaitali, ndipo podwala alankhula.

Chilankhulo cha mabuleki

Alankhula ndi khutu. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono kamene opanga adaikapo dala, kuti mnofu ukatsala pang'ono kayambe kukhudza disiki ndi kulira mokwiya ngati mluzu. Kulira kwa m'mawa kokha, kumene kutha galimoto ikangoyenda pang'ono, nthawi zambiri ndi dzimbiri la mame. Koma kulira kosalekeza ndi chenjezo. Pambuyo pa kulira padza kukukuta, phokoso la chitsulo pa chitsulo. Pamenepo mnofu watha, ndipo disiki yomwe ilikudyeka.

Alankhula ndi phazi. Buleki yabwino ilimba phazi lisanafike patali. Ikayamba kufewa ngati kuponda chinkhupule, m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta akalamba. Ikamatsika pang'onopang'ono phazi lili chipondere, pena pake padontha, kapena timphira ta m'kati tatha. Dalaivala amene ayenera kupopa kawiri kapena katatu kuti galimoto iime, wauzidwa kale zonse zimene ayenera kudziwa.

Alankhula ndi manja. Chiwongolero chikanjenjemera poponda buleki, madisiki sali osalala. Galimoto ikakokera kumanzere kapena kumanja poima, mbali imodzi igwira, ina sigwira. Ndipo pa msewu wonyowa kukokera kumeneko kungathe kuponya galimoto kunjira ya anzake. Handibuleki yokwera mpaka pamapeto koma osagwira pa chitunda nayonso ndi mboni.

Alankhula ndi maso. Nyali yofiira ikayaka patsogolo pa dalaivala handibuleki itatsitsidwa, si yokongoletsa ayi. Mafuta akatsika m'kabotolo kake, mapadi alikutha kapena pali podontha. Kungothiramo ena osafunafuna chifukwa kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wong'aluka. Chinyontho cha mafuta kuseri kwa tayala, kapena madontho pansi pamene galimoto idagona, ndi kalata yolembedwa poyera.

Ndipo alankhula ndi mphuno. Mabuleki otenthedwa pa mtsetse atulutsa fungo loipa la chinthu chopserera, mwina ndi utsi womwe. Fungo limenelo liuza dalaivala kuti aime pambali mpaka zizizire, ndi kuti potsika phiri adzigwiritsa ntchito giya yaing'ono, injini ithandize kuletsa liwiro. Amene atsika mtsetse atachotsa giya kuti apulumutse petulo, asenzetsa mabuleki okha katundu yense. Makolo adanena zoona kuti tsoka silinunkha, pakuti mphezi ndi ng'ona sizitumiza mthenga. Koma tsoka la mabuleki limanunkha ndithu, limalira, ndipo limanjenjemera m'manja mwa munthu masabata ambiri lisanagwe.

Ng'ombe yogunda anthu

M'masiku a Mose kudalibe galimoto, koma funso lomweli lidalipo. M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo lonena za ng'ombe imene yagunda munthu ndi kumupha. Ngati ng'ombeyo idali isanachitepo zotere, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati idali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake nachenjezedwa, iye osaitsekera, pamenepo mlandu wa imfayo ugwera iye, ndipo chilango chake chidali cha moyo, pokhapokha atalipira dipo limene amuikira. Ng'ombe ndi imodzimodzi, imfa ndi imodzimodzi. Chosiyanitsa milandu iwiriyo ndi chenjezo. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, mulinso lamulo loti womanga nyumba ya denga lathyathyathya amange kampanda m'mphepete mwa dengalo, kuti munthu angagwe, magazi ake nakhala pa nyumbayo.

Eklezia sadasiye chiphunzitso chimenechi. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adafunsa ngati munthu wopha mnzake mwangozi ali ndi tchimo. Yankho lake lidali lakuti chochitika mwangozi yeniyeni si tchimo, pakuti tchimo lichokera m'kufuna kwa munthu. Koma amene agwira ntchito, ngakhale yololedwa, popanda kusamala koyenera, naleka kuchotsa choopsa chimene adayenera kuchotsa, sapulumuka mlandu wa kupha ngati munthu afa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Gaudium et Spes cha mu 1965, udadzudzula anthu amene apeputsa malamulo oteteza umoyo ndi malamulo a pamsewu, osalabadira kuti mphwayi zawo ziika pangozi moyo wawo ndi wa anzawo. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992 aphunzitsa kuti munthu ali ndi mlandu pa choipa chotuluka m'kunyalanyaza chinthu chimene adayenera kudziwa kapena kuchita, ndipo chitsanzo chimene apereka ndi ngozi ya pamsewu. Mu 2007 likulu la Eklezia ku Roma lidatulutsanso malangizo apadera a utumiki wa pamsewu, okumbutsa oyendetsa galimoto kuti lamulo loletsa kupha liwakhudza iwonso. Bungwe la World Health Organization lidawerenga mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse.

Tsono lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa mkondo ndi mankhwala akupha zokha. Liletsanso kusiya ng'ombe yogunda ili yomasuka. Galimoto ya mabuleki olira ndi ng'ombe imene yagwedeza kale nyanga, mwini wake akuona.

"Sindidadziwe"

Ana a katekisimu adziwa kuti tchimo lalikulu lifuna zinthu zitatu: chinthu chachikulu, kudziwa, ndi kufuna. Kuti moyo wa munthu ndi chinthu chachikulu palibe wokana. Chifukwa chake munthu wogwidwa ndi chikumbumtima athawira ku ziwiri zotsalazo, nati: "Sindidadziwe, ndipo sindidafune."

Kusadziwa kuli mitundu iwiri. Kulipo kusadziwa kumene munthu sakadatha kukupewa: paipi yatsopano idali ndi chilema chobisika, kapena mwala udadumpha nuidula panjira. Wotereyo alibe tchimo, ngakhale mtima wake usweke ndi chisoni. Koma kuliponso kusadziwa kodzifunira. Dalaivala amva kulira kwa mapadi, nakweza wailesi. Mwini galimoto aona nyali yofiira, naimata ndi kapepala. Wina apewa kupita kwa makaniko chifukwa adziwa chimene makanikoyo akanene. Kusadziwa kotere sikuchotsa mlandu, koma kuuwonjezera, pakuti munthuyo wadzitseka makutu dala kuti chikumbumtima chisamuvutitse. Ndiponso aliyense amene atenga ntchito atenga pamodzi ndi udindo wophunzira zofunika pa ntchitoyo. Mwini bwato lonyamula anthu sanganene kuti sadziwa za mwera. Momwemonso wonyamula anthu pa galimoto sanganene kuti za mabuleki nza amakaniko okha.

Nanga kufuna? Zoonadi, iye sadafune imfa. Koma adafuna kuyenda ulendo ali kudziwa kuti imfa ingathe kutulukamo, ndipo adasankha ndalama za tsikulo koposa chitetezo cha okwera. Kusankhako kudachitika m'mawa, pa bwalo la nyumba yake, pamene adaliza injini. Choncho tchimo la kunyalanyaza lichitika ngakhale tsiku limene galimoto ifika bwino. Anthu awiri akanyamuka ndi mabuleki akutha, wina nafika, wina napha munthu, pamaso pa anthu wina ndi wamwayi, wina ndi watsoka. Koma pamaso pa Mulungu onse awiri adasankha chimodzimodzi. Amene adafikayo asadziyese wolungama: adangolandira nthawi ina yoti akonze.

Nanga wosauka atani?

Apa ndipo pali povuta, ndipo si bwino kupalumpha. Pakhale munthu wa ku Benga amene ali ndi kagalimoto ka matola, kogula ndi ngongole. Kagalimotoko kadyetsa banja la anthu asanu ndi atatu, kalipira fizi ya ana, kagula mankhwala a mayi wake okalamba. Makaniko amuuza kuti mapadi atha ndipo paipi imodzi idontha, natchula mtengo wolingana ndi phindu la masiku angapo. Mwini ngongole afuna zake Loweruka. Munthuyo sali woipa mtima; apita ku Misa, apereka chamtulo, anyamula odwala usiku osawerengera. Kodi Eklezia amuuza kuti aimike galimoto, ana agone ndi njala?

Eklezia saseka umphawi, ndipo aphunzitsa kuti mantha ndi kupanikizidwa zichepetsa kulemera kwa mlandu wa munthu. Mulungu yekha ndiye ayesa mtima wa bambo wotere. Koma kuchepa kwa mlandu sikusandutsa choipa kukhala chabwino. Munthu ali ndi ufulu woika pachiswe chuma chake. Alibe ufulu woika pachiswe moyo wa mnzake amene sadafunsidwe. Mayi amene akwera ndi mtanga wa usipa ndi mwana kumsana saona mapadi. Apereka ndalama yake pokhulupirira kuti mwini galimoto adaona m'malo mwake. Kulandira ndalama imeneyo munthu ali kudziwa kuti galimoto siima bwino, ndi chinyengo pamwamba pa kunyalanyaza. Akadauzidwa zoona, mayiyo akadatsika. Ndipo iyenso ndi wosauka, ali ndi ana amene amuyembekeza. Umphawi wa mwini galimoto sungalipidwe ndi moyo wa wosauka mnzake.

Ngakhale powerenga ndalama zokha, kuchedwa kulibe phindu. Amene aleka kugula mapadi lero adzagula mapadi ndi madisiki omwe mwezi wamawa; ndipo galimoto ikagwa, ngongole itsala, chodyetsa banja chitapita. Njira yoongoka ndi yowawa koma ilipo: kuimika galimoto masiku owerengeka, kukamba zoona ndi mwini ngongole, kubwereka ku banki m'khonde kapena kwa abale, ndi kuzolowera kupatula kandalama ka mabuleki ndi matayala pa ulendo uliwonse, monga mlimi apatula mbewu asanayambe kudya. Pano mphakati ulinso ndi gawo lake. Akhristu amene asonkha msanga ndalama za bokosi la maliro angathenso kubwereka mnzawo ndalama za mapadi.

Mlandu ugawika

Kawirikawiri woyendetsa si mwini galimoto. Dalaivala wolembedwa ntchito ndiye amva zizindikiro poyamba, ndipo udindo wake ndi kuuza bwana wake momveka, pamaso pa mboni ngati kutheka. Choopsa chikakhala chachikulu, ayenera kukana kunyamuka, ngakhale aope kuchotsedwa. Pakuti lamulo la bwana silifafaniza lamulo la Mulungu. Koma bwana amene amva dandaulo nayankha kuti "pita, ukapanda kufuna alipo ena ofuna ntchito", ameneyo asenza mbali yaikulu ya mlandu, ngakhale pa ola la ngoziyo akhale ali kunyumba kwake.

Makaniko nayenso ali m'bwalo lomweli. Kuli ena amene athira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki, osasamala kuti madzi awira pa madigiri 100 ndi kuchititsa dzimbiri. Ena athira oyilo wa injini, amene atupitsa ndi kuwononga timphira. Ena aphwanya paipi yodontha kuti itsekeke, galimoto nitsala ndi mawilo atatu ogwira. Zotere mwina zingathandize kutulutsa galimoto yopanda anthu m'tchire, pang'onopang'ono, mpaka pa galaja. Koma amene achita zimenezi nauza mwini wake kuti "zatheka, nyamulani anthu", wanama bodza lokhudza moyo. Chimodzimodzi wogulitsa zipangizo zachinyengo ngati zenizeni.

Boma la Malawi, mwa lamulo la pamsewu la mu 1997, lifuna kuti galimoto ziyesedwe ndi kulandira chiphaso chosonyeza kuti zili bwino, chimene anthu amati COF. Lamulo limeneli ndi lolungama, ndipo Mkhristu alimvera chifukwa cha chikumbumtima, osati chifukwa choopa apolisi pokha. Wopeza chiphaso mwa chiphuphu, ndi wochipereka yemwe, agulitsana magazi a anthu amene sawadziwa. Komanso chiphaso choona chinena za tsiku loyesedwa lokha. Mapadi apitirira kutha mawa lake.

Otsiriza ndi obwereka galimoto. M'parishi ya Benga, monga m'maparishi ena a Arkidayosizi ya Lilongwe, lole ndiyo inyamula kwaya, amayi a bungwe, achinyamata, operekeza ukwati ndi operekeza maliro. Akuluakulu a tchalitchi amene apangana mtengo ali ndi udindo wofunsa za mabuleki ndi matayala, osangofuna yotsika mtengo, ndiponso wokana kudzaza anthu kupitirira muyeso, pakuti katundu wochuluka atalikitsa mtunda woimira. Ndipo wokwera amene amva kukukuta kwa zitsulo asachite manyazi kulankhula. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Dzina la Mulungu ndi dzina la nkhalamba

Tsopano mawu ena awiri a pasiwa paja ayenera kuyesedwa. Nzoona kuti moyo ndi imfa zili m'manja mwa Mulungu, ndipo ofedwa apeza chitonthozo chenicheni m'chikhulupiriro chimenechi. Koma Mulungu kulola chinthu si kuchifuna. Iye adapatsa munthu makutu, nzeru ndi ufulu, ndipo safuna mphwayi. Kunena kuti "Mulungu wafuna" pofuna kubisa mapadi amene adalira mwezi wathunthu, ndi kutchula dzina lake pachabe ndi kumusenzetsa mlandu wa munthu.

Kudalitsa galimoto ndi mwambo wabwino. Kolona yopachikidwa pa galasi ndi chithunzi cha Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo, zikumbutsa dalaivala kuti ayenda pamaso pa Mulungu. Koma madzi odalitsa si chithumwa, ndipo salowa m'malo mwa mafuta a mabuleki. Pamene Satana adauza Ambuye Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu podalira angelo, Ambuye adakana, pakuti kutero ndi kuyesa Mulungu. Wotsika mtsetse ndi mabuleki akutha, nati "Mulungu atisunga", achita chimene Ambuye adakana.

Mawu achitatu aja ndiwo oopsa koposa. Ngozi ikachitika, maso a anthu ena atembenukira kwa gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndipo m'dziko muno nkhalamba zina zamenyedwa, zatenthedwa nyumba, zina zaphedwa chifukwa cha kunamiziridwa ufiti. Pamenepo kunyalanyaza kwa munthu mmodzi kubala tchimo lachiwiri, la umboni wonama, ndipo mwina lachitatu, la kupha kwenikweni. Mwini galimoto kapena dalaivala amene adziwa mumtima mwake kuti mabuleki adali akutha, nakhala chete pamene nkhalamba ilozedwa chala, ali ndi udindo waukulu wotsegula pakamwa ndi kunena zoona, ngakhale zoonazo zimuchititse manyazi.

Kwa olemedwa mtima, ndi kwa aphunzitsi

Zonsezi sizilembedwa kuti anthu ayambe kuweruzana pamaliro. Ngozi zenizeni zilipo, ndipo dalaivala wosamala angathe kugwa m'tsoka limene sakadalipewa. Wotereyo afunika kutonthozedwa, osati kulozedwa. Amene chikumbumtima chake chimutsutsa moona asataye mtima. Madzi akatayika sawoleka, koma chifundo cha Mulungu chiposa tchimo lililonse. Apite ku sakramenti la kulapa, atchule kunyalanyazako ndi dzina lake, osangoti "ndidachita ngozi". Pambuyo pake akonze zimene zingakonzeke, pakuti pepani sapoletsa chilonda: athandize amasiye ndi ovulala monga angathere, ayeretse dzina la wonamiziridwa, ndipo asadzayendetsenso galimoto yodwala.

Akatekisti, pophunzitsa lamulo lachisanu kwa akatekumeni ndi m'miphakati, achita bwino kuwonjezera mafunso awa pa kufufuza mtima: Kodi ndidanyamula anthu pa galimoto, pa njinga yamoto kapena pa njinga yopalasa, ndili kudziwa kuti mabuleki ake sagwira bwino? Kodi ndidakakamiza wantchito wanga kuyenda ndi galimoto yotere? Kodi ndidabisa chilema pokonza kapena pogulitsa? Kodi ndidakhala chete pamene ndidayenera kuchenjeza? Mnyamata wa kabaza amene aimitsa njinga ndi chidendene cha nsapato ali pansi pa lamulo lomwelo ndi mwini lole.

Ndipo kwa aliyense wogwira chiwongolero, ntchito ya m'mawa uliwonse ndi yaifupi. Asananyamuke pa Benga ayang'ane kabotolo ka mafuta, asuzumire kuseri kwa matayala ndi pansi pamene galimoto idagona, aponde buleki ndi kuigwira kanthawi kuti aone ngati itsika, ayese handibuleki, ndipo pa mamita oyamba aime kamodzi wailesi ili yotseka, akumvetsera. Woyendetsa lole ya mpweya adikire mpaka mpweya ukwane, natulutse madzi m'mathanki ake. Zonsezi sizitenga nthawi yoposa ya pemphero la m'mawa, ndipo ziyenera kutsatana nalo. Akapeza chizindikiro, ulendo woyamba wa tsikulo ukhale wa kwa makaniko, galimoto ili yopanda anthu.